Kodi ndipite nawo ku kachisi wa Borobudur kapena nditsale ku hotela?

Amake Tadala
Mwaswera bwanji agulu. Ndithandizeni maganizo, pajatu safunsa anadya phula. Kuntchito andisankha kupita ku maphunziro a zaumoyo ku Indonesia, mumzinda wa Yogyakarta pa chilumba cha Java, mwezi wamawa. Pa ndondomeko yomwe atitumizira alembapo kuti Loweruka tonse tikaona kachisi wakale wa Abuda wotchedwa Borobudur. Inetu ndine mayi wa Chigwirizano. Apongozi anga atangomva ati ndisayerekeze, ndikabwerako ndi ziwanda m'sutikesi. Abambo a kunyumba ati zili ndi ine. Kodi kupita kumeneko n'kulakwa? Amene munafikako, kuli chiyani kwenikweni? Amakakamiza kugwada?

Wa ku Joni
Kkkkk mayi musaope, ziwanda za ku Java zilibe pasipoti. Zikakutsatirani zikagwidwa pa Chileka.

Mkulu wa Mpingo
Achimwene, munthu wafunsa za moyo wake wauzimu, si za nthabwala ayi. Mayi, anga ndi achidule. Lamulo lachiwiri mukulidziwa. Kumene kuli fano, mwana wa Mulungu alibeko gawo. Tsalani ku hotela, anzanuwo akakufotokozerani pobwera.

Mphwanu wa ku Jogja
Amayi, takulandiranitu. Ine ndili kuno kusukulu, ndipo mzindawu eni ake amangouti Jogja. Ku Borobudur ndinafikako, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni muno, m'boma la Magelang.

Mukamva kuti kachisi mukuganiza za nyumba ya chitseko ndi denga, guwa kutsogolo, anthu atakhala pa mabenchi. Kumeneko kulibe zimenezo. Palibe chipinda choti munthu n'kulowamo. Ndi kaphiri komwe anthu anakakuta ndi miyala kuyambira pansi mpaka pamwamba, nsanja pamwamba pa inzake mpaka kukwana 9. Nsanja 6 za m'munsi ndi zamakona anayi, 3 zapamwamba ndi zozungulira, ndiye pansonga pali chimwala chachikulu chomangidwa ngati belu, chomwe amati stupa. Pansi mbali iliyonse ndi mamita 123, msinkhu pafupifupi mamita 35. Ulendo wonse mumayenda panja, dzuwa lili paliwombo.

Wokugwaditsani palibe. Mumayenda ndi gaidi, ndipo magaidi ambiri ndi Asilamu, chifukwa dziko lino anthu oposa 85 pa 100 alionse ndi Asilamu, pamene Abuda sakwana ndi 1 yemwe. Tsiku wamba mumapezako ana asukulu, mabanja, azungu ndi anthu ogulitsa zipewa.

Mkulu wa Mpingo
Koma ine ndinamva kuti amavulitsa nsapato. Mose anavula nsapato pa chitsamba choyaka moto chifukwa malowo anali opatulika. Ukavula nsapato pamalo, thupi lako lavomereza kale kuti pano ndi popatulika, ngakhale pakamwa ukane.

Mphwanu wa ku Jogja
Bambo, zovula nsapato ndi zoona, koma chifukwa chake ndi china. Masitepe ake ndi a mwala wochokera ku mapiri ophulika, ndipo anthu mamiliyoni akhala akupondapo chaka ndi chaka ndi nsapato zolimba mpaka mwala unadyeka. Mukayang'ana pakati pa sitepe mumaona pokumbika. Nthawi ya Covid mu 2020 analetsa kukwera, ndiye potsegula mu 2023 anaika malamulo atsopano: anthu 1,200 okha patsiku, okwera m'magulu ndi gaidi, ndipo aliyense avale nkhwaira zofewa zotchedwa upanat. Ndi zolukidwa ndi masamba a chomera cha pandan, pakati pa zala pali kabatani ka chigoba cha kokonati. Amaluka ndi anthu a m'midzi yozungulira, kapangidwe kake anakaonera pa nkhwaira zomwe zinazokotedwa pa mwala wina wa kachisi yemweyo. Nsapato zanu mumaziika m'kachikwama komwe amakupatsani n'kumayenda nazo. Pomaliza nkhwaira ndi zanu. Msilamu, Mkhristu, wosapemphera, aliyense amavala.

Wa ku Joni
Ndiye kuti mayiwa akabwerako ndi nkhwaira, osati ziwanda. Apongozi akapatsidwe zomwezo kkkk

Amake Tadala
Inu a ku Joni mundiyambanitsa ndi apongozi anga. Mwana wanga wa ku Jogja, tsono ngati mulibe chipinda, anthu amakaona chiyani mpaka kulipira ndalama?

Mphwanu wa ku Jogja
Amakaona zozokota, amayi. Nsanja zamakona zija zili ndi tinjira tapakati pa makoma awiri, ndipo khoma la kumanja ndi la kumanzere onse ndi odzaza ndi zithunzi zosema pamwala, zonse pamodzi 2,672. Ziboliboli za Buddha zinalipo 504.

Mumayambira ku chipata cha kum'mawa n'kumazungulira kachisi ali kudzanja lanu lamanja. Pa nsanja yoyamba pali mbiri ya Buddha mwini, miyala 120 yotsatizana. Iye anali mwana wa mfumu, dzina lake Siddhartha Gautama, wobadwira ku Lumbini komwe lero ndi ku Nepal. Mumaona mayi ake, Maya, atagona pakama, adzakazi atawazungulira, akulota njovu ikulowa m'mimba mwawo. Kenako mwana uja akukula m'nyumba yachifumu, atate ake akumubisira mavuto a dziko. Ndiye pali miyala yomwe ine inandiimitsa: mnyamata watuluka pa ngolo ya akavalo, wakumana ndi nkhalamba yoyendera ndodo, ulendo wina wodwala, ulendo wina maliro, ulendo womaliza munthu wosiya zonse wongoyenda ndi mbale yopemphera chakudya. Ali ndi zaka 29 anathawa usiku, n'kumeta tsitsi ndi lupanga lake, kukafunafuna chomwe chimathetsa kuvutika kwa munthu.

Pambali pa nkhani zachipembedzo pali moyo wa anthu wamba a ku Java wa zaka 1,200 zapitazo. Mlimi akulima ndi ng'ombe ziwiri, amayi pamsika, oimba ng'oma ndi zitoliro, munthu akutikitidwa ndi sing'anga, nyumba zomangidwa pa mizati, anyani m'mitengo ya zipatso. Wosemayo anali ndi nthawi yoti aike ndi timasamba tomwe.

Koma ndisakubisireni. Kuzungulira kachisi ali kumanja kwa Abuda ndi mwambo wa kupembedza. Gaidi amakuyendetsani njira yomweyo chifukwa nkhani inasemedwa motsatira njirayo, mukayenda chobwerera muyamba ndi kumapeto.

Mkulu wa Mpingo
Mwamva nokha. Mwambo wa kupembedza. Zikomo mphwanga chifukwa chonena zoona.

Amake Tadala
Nkhalamba, wodwala ndi maliro, zimenezo ine ndimaziona m'wodi ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Kani munthuyu anachita kusiya ufumu nazo.

Nachisale wa ku Leeds
A Mkulu, ndi ulemu wonse, ine ndikutsutsani pang'ono. Pa Machitidwe 17 Paulo ali ku Atene anayendayenda mumzinda wodzala mafano, ndipo anachita kuyang'anitsitsa mpaka kuwerenga zolembedwa pa guwa lina. Akanatsala ku hotela akanalalikira chiyani pa Areopagi? Mwambo umakhala mwambo chifukwa cha mtima wa woyendayo. Mlonda wa pamalopo amazungulira kachisiyo tsiku lililonse, kodi wasanduka m'Buda? Ife Akatolika msonkhano wa Vatican wachiwiri mu 1965 unanena za Chibuda pochitchula dzina, n'kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. Sindikuti nonse mutsate zimenezo, ndikungoti Akhristu ena anaiganizapo kale nkhaniyi.

Mkulu wa Mpingo
Achemwali, werengani ndime yonse. Paulo mtima unamupweteka ataona mafanowo, ndipo anatsegula pakamwa. Mayiwa akukalalikira pamwamba pa kachisiyo? Akukajambulitsa. Ndiye Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 8 akunena za munthu wodziwa zinthu amene waonedwa ali m'kachisi wa fano, mbale wofooka n'kupunthwa naye. Ine sindikuopa mwala. Mwala sulankhula. Ndikuopa chithunzi pa Facebook, mayi wa Chigwirizano akumwetulira pambali pa fano, ndiye mtsikana yemwe amamulangiza kuti asamapite kwa asing'anga achiona.

Nachisale wa ku Leeds
Apo ndiye mwasuntha a Mkulu. Poyamba munati vuto ndi malowo, pano mukuti vuto ndi chithunzi. Chithunzi ndi chosavuta, asachiike.

Mkulu wa Mpingo
Sindinasunthe. Ndawonjezera.

Abiti wa ku Mangochi
Salaam agulu. Ine ndine Msilamu, ndipo pa nkhani ya mafano ife ndi okhwimitsa kuposa inu nonse, m'mzikiti mulibe ndi chithunzi chomwe. Koma Qur'an imatiuza kuyenda padziko ndi kuona momwe anathera amene analipo kale, komanso imatiletsa kutukwana zomwe ena amapembedza. Achimwene anga anaphunzira ku Indonesia, ndipo ankanena kuti kumeneko Asilamu amaunyadira Borobudur ngati ntchito ya makolo awo, amausesa, amaulondera, amadyerapo. Nthawi ya swala ikakwana amakaswali, n'kubwerera pa ntchito. Chimene ine sindingachite ndi kuwerama, kuyatsa lubani kapena kupempha kanthu pamenepo. Kuyang'ana ndi maso ndingayang'ane.

Mphwanu wa ku Jogja
Mayi a ku Mangochi anena zoona. Ukakhala pamwamba masana umamva azana kuchokera m'mizikiti ya m'midzi yonse yozungulira.

Pamwambapo ndi posiyana kwambiri ndi m'munsi. Makoma aja amatha, zozokota zimatha, umangotulukira pabwalo. Omanga anachita dala: pansi pakuimira dziko la zilakolako, pakati dziko la zinthu zooneka, pamwamba pomwe munthu wamasuka ku zonsezo. Pa nsanja zozungulira zija pali tima stupa 72, mzere woyamba 32, wachiwiri 24, wachitatu 16. Kalikonse ndi koboolaboola, ngati dengu lovundikira anapiye, ndipo ukasuzumira pabowo umaona Buddha atakhala m'kati. Tingapo anatisiya tosavundikira kuti anthu aone bwino. Kutsogolo kuli minda ya mpunga ndi migwalangwa, ndipo kukakhala kopanda mitambo phiri la Merapi limaoneka likufuka.

Pamenepo ndi pomwe pali chinthu chomwe a Mkulu angadane nacho ndi chifukwa chomveka. Kwa zaka zambiri alendo ankapisa mkono pabowo la stupa ina kuti akhudze chala cha chiboliboli, ati ukachikhudza zofuna zako zitheka. Amati Kunto Bimo. Ankachita zimenezi ndi alendo wamba ofuna mwayi, si chiphunzitso cha Chibuda ayi, ndipo pano analetsa chifukwa anthu ankapondera pa miyala pofuna kufikira. Mukaona wina akuyesera, inu manja m'thumba.

Wa ku Joni
Apa ndiye Amalawi tikanathyola mikono. Mayeso a MSCE, ngongole ya banki mkhonde, mpira wa Flames, zonse pa chala chimodzi.

Koma kunena zoona, kuno ku Bronkhorstspruit kufupi ndi Pretoria kuli kachisi wamkulu wa Abuda, Nan Hua. Anthu amapita pa chaka chatsopano cha Matchaina, akuda, azungu, amwenye, kukaonera zovina ndi kudya. Ine ndinapitako ndi anzanga a ku tchalitchi, m'kati tinavula nsapato, tinaona, tinatuluka. Lamulungu lotsatira ndinaimba kwaya bwinobwino. Ndiponso kwathu konko kufupi ndi Blantyre kuli Amitofo Care Centre, yomwe anayambitsa mmonke wa ku Taiwan, ana amasiye amaphunzira Chitchaina ndi kung fu. Abuda si anthu a kumwezi.

Aphunzitsi Opuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano choko chandiyabwa. Ine sindinafikeko, koma ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndipo malowa ndinawawerenga.

Anamanga ndi mafumu a banja la Sailendra, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 700 mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 800. Miyala yake ndi pafupifupi 2 miliyoni, yosemedwa kuti izilumana yokha popanda simenti kapena dothi lomatira. Anaikanso mipopi 100 yotulutsira madzi a mvula, yosemedwa ngati mitu ya zilombo. Patapita nthawi likulu la ufumu linasamukira kum'mawa kwa Java, kenako anthu analowa Chisilamu, kachisi uja n'kumera tchire, phulusa la mapiri ophulika n'kumukwirira.

Mabuku achizungu amati anamutulukira Thomas Stamford Raffles mu 1814, nthawi yomwe Angelezi ankalamulira Java. Chomwe chinachitika n'chakuti anthu a m'deralo anamuuza, iye n'kutuma injiniya wachidatchi dzina lake Cornelius, amene anatenga amuna pafupifupi 200 kukadula mitengo ndi kutentha tchire. Ana anga a m'kalasi ndinkawafunsa kuti amene anamulozera Livingstone nyanja anali ndani, funso lake ndi lomweli.

Mayi mukapita mukaona ziboliboli zambiri zopanda mitu. Musakaganize kuti ndi mvula. Mitu inadulidwa n'kugulitsidwa, ina ili m'nyumba zosungira zakale ku Ulaya. Mu 1896 boma lachitsamunda la Adatchi linapatsa mfumu Chulalongkorn ya ku Siam, komwe lero ndi ku Thailand, ngolo 8 zodzaza ndi zosema kuti ipite nazo kwawo, ndipo zina zili ku Bangkok mpaka lero. Kupatsa mlendo mphatso ya katundu wa eni.

Kukonza koyamba anatsogolera Theodoor van Erp kuyambira 1907 mpaka 1911. Koma madzi anapitiriza kulowa m'kaphiri ka m'kati, makoma n'kumapendekeka. Ndiye pakati pa 1975 ndi 1982 boma la Indonesia ndi UNESCO anaphwasula nsanja zamakona zija mwala umodziumodzi, miyala yoposa 1 miliyoni, uliwonse n'kuulemba nambala, kuutsuka, kuika konkire ndi mapaipi m'kati, n'kubwezera uliwonse pamalo pake. Mu 1991 analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika a padziko lonse lapansi, momwe muli zojambula za pamiyala za ku Chongoni kwathu ku Dedza kuyambira 2006.

Mkulu wa Mpingo
Aphunzitsi, mbiri ndi yokoma, koma funso la mayiwa simunaliyankhe.

Aphunzitsi Opuma
Ndiyankha, bambo. Apite. Munthu wa zaumoyo aone momwe anthu akale a kutali analimbanirana ndi funso la matenda ndi imfa, lomwe iye amalimbana nalo tsiku ndi tsiku. Yankho lawo akhoza kulikana, koma alikane atalimva. Chikhulupiriro choti chingagwe chifukwa choona mwala wosema, ndiye kuti chinali chodwala kale chisanakwere ndege.

Mkulu wa Mpingo
Mawu omalizawo ndi olemera aphunzitsi. Solomo anali wanzeru kuposa tonsefe pano, koma anagwa pang'onopang'ono.

Nachisale wa ku Leeds
Solomo anagwa ndi akazi 700 a Mkulu, osati ulendo wa Loweruka limodzi pa basi ya kuntchito.

Woyang'anira Gulu
Abale, tikambirane mwaulemu. Pano pali a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu. Wonyoza chipembedzo cha mnzake, kaya cha Abuda amene palibe pano, ndichotsa uthenga wake.

Amake Tadala
Funso lina. Kodi eni akewo amati chiboliboli chija ndi mulungu wawo?

Mphwanu wa ku Jogja
Ndinafunsapo mnzanga wa m'kalasi amene ndi m'Buda. Iye akuti Buddha sanali mlengi, anali munthu, mphunzitsi amene anapeza njira, ndipo anamwalira. Akuti akamawerama amalemekeza mphunzitsi ndi kudzikumbutsa chiphunzitso, sakhulupirira kuti mwala ukumva. Koma anavomeranso kuti agogo ake akayatsa lubani amapempha zenizeni, thanzi, malonda, mwana akhoze mayeso. Ndiye zimatengera wofunsidwayo.

Manja a ziboliboli ali ndi tanthauzo, gaidi akakuonetsani. Za kum'mawa dzanja lakhudza pansi, kuitana nthaka kuti ichitire umboni. Za kum'mwera chikhatho chatambasuka, kupereka. Za kumadzulo manja ali pamiyendo, kusinkhasinkha. Za kumpoto dzanja lakwezedwa, kutanthauza kuti usaope.

Ngati pali malo pomwe mtima wanu ungakufunseni mafunso, ndi ku Mendut, kachisi wamng'ono pa makilomita pafupifupi 3 kuchokera ku Borobudur. Maulendo ambiri amaimako. Ameneyo ali ndi chipinda chenicheni, chamdima, m'kati muli Buddha wa mamita 3 atakhala pampando miyendo ili pansi, ndipo mumapeza maluwa ndi lubani akufuka. Pafupi pali nyumba ya amonke. Ine ndinalowa, ndinaima chakumbali, nditaona mayi wina wagwada ndinabweza foni m'thumba mpaka anamaliza. Inu mukaona kuti simungathe, pali mtengo waukulu panja, mukhale pamthunzi. Palibe angakufunseni.

Chomwe ndikupempha ndi chimodzi. Kwa eni kulibe mkuwe. Mukasankha kupita, musakadzudzule kapena kuyamba pemphero lothamangitsa mizimu mokweza. Ife mlendo atalowa m'tchalitchi mwathu nthawi ya mgonero n'kumaseka ndi kujambula tingamve bwanji? Osakhala pa stupa, osatsamira chiboliboli, osaika mutu wanu pa khosi la chiboliboli chodulidwa mutu kuti mujambulitse. Alendo ena amachita zimenezo ndipo zimanyansa.

Abiti wa ku Mangochi
Eya. Kukana kupembedza ndi kwina, chipongwe ndi china.

Aphunzitsi Opuma
Chipongwe chinafikapo poipa. Mu January 1985 anthu ena oyaka mutu anatchera mabomba n'kuphwanya ma stupa 9. Anakonzanso ndi a ku Indonesia omwewo. Mu 2010 Merapi ataphulika phulusa linakuta kachisi yense, anthu a m'midzi n'kudzipereka kukalichotsa ndi maburashi, chifukwa phulusalo limadya mwala.

Pali chinanso chomwe ndikufuna mukandionere. Pansi penipeni pa kachisi pali miyala yozokota 160 yomwe omanga anaikwiriranso ndi khoma lina. Anaitulukira mu 1885, wojambula wa ku Java dzina lake Kassian Cephas anaijambula yonse cha m'ma 1890, n'kuitsekanso, kusiya ngodya ya kum'mwera chakum'mawa yokha. Imaonetsa ntchito ndi malipiro ake: wopha nyama, wakuba, wothandiza osauka. Pali wina wa anthu amiseche atasonkhana, nkhope zawo zonyansa.

Wa ku Joni
Aphunzitsi musatchule mayina, ena ali pa gulu pompano kkkkk

Amake Tadala
Abale mwandithandiza. Ndaganiza kuti ndipita. Sindikagwada, sindikakhudza kanthu, ku Mendut ndikaonera komweko. A Mkulu, za chithunzi ndamva, sindiika pa Facebook. Abusa ndiwauza ndisananyamuke kuti asamve kwa anthu.

Mkulu wa Mpingo
Mwasankha nokha mayi, ine maganizo anga sanasinthe, koma ndikupemphererani ulendo wabwino. Chimodzi chokha ndigwadire: musakagule kachiboliboli kobwera nako kunyumba. Deuteronomo 7 ikuletsa kulowetsa zotere m'nyumba. Ana amakula akuona zomwe zili pa kabati.

Nachisale wa ku Leeds
Apo ndigwirizana nanu, koma pa chifukwa china. Kuno ku Ulaya mitu ya Buddha amaigulitsa m'mashopu a maluwa, anthu n'kumaika m'bafa ndi m'munda ngati chokongoletsa. Abuda ambiri zimawapweteka. Chinthu chomwe mnzako amachilemekeza si chotsekera chitseko.

Mphwanu wa ku Jogja
Ogulitsawo mukakumana nawo ndithu, ndipo ndi olimbikira. Mukangoyang'ana kanthu kawiri akutsatirani mpaka pa basi. Mawu owakanira ndi "tidak, terima kasih", kutanthauza "ayi, zikomo", mukumwetulira, osaima.

Zina zoti mudziwe. Matikiti alipo awiri, lina longolowera m'bwalo n'kuonera pansi, lina lokwerera. Funsani okonza ulendowo kuti agula liti, chifukwa lokwerera limagulidwa pa intaneti motsatira ola ndipo limatha msanga. Mu 2022 boma linafuna kukweza mtengo wokwerera kufika madola 100 kwa alendo akunja ndi 750,000 rupiah kwa eni dziko, anthu anakwiya mpaka linabweza ganizolo, m'malo mwake n'kukhwimitsa chiwerengero cha okwera. Pemphani gulu la m'mawa. Pofika 11 koloko mwala umatentha ndipo pamwamba palibe mthunzi, kutentha kwake ndi kwa chinyezi ngati kwa ku Nsanje mvula ikayandikira. Chipewa, madzi, zovala zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa. Chitenje chanu chikwanira. Kuyambira November mpaka March mvula imakonda kugwa masana.

Masitepe ndi ataliatali komanso oimirira. Ngati bondo limakuvutani gwirani chitsulo cha m'mbali, musathamangire achinyamata.

Abiti wa ku Mangochi
Nanga Abuda enieniwo amabwera liti, poti mwati masiku wamba ndi alendo okhaokha?

Mphwanu wa ku Jogja
Amabwera apo ndi apo chaka chonse, koma tsiku lawo lalikulu ndi Waisak, mwezi ukakhala wathunthu cha mu May, nthawi zina kumayambiriro kwa June. Amakumbukira kubadwa, kuunikiridwa ndi kumwalira kwa Buddha, ndipo ndi tchuthi cha dziko lonse. Amayenda pa mdipiti kuchokera ku Mendut kudzera pa kachisi wina wamng'ono wa Pawon mpaka ku Borobudur, usiku n'kuulutsa nyali zamapepala. Mu 2023 amonke ena anayenda wapansi kuchokera ku Thailand kudzera ku Malaysia ndi Singapore, ndipo m'misewu ya ku Java anthu wamba, ambiri Asilamu, ankawadikirira ndi madzi ndi zipatso.

Aphunzitsi Opuma
Mayi, ntchito yomaliza ya kunyumba. Pa makoma amenewo pali zombo zosemedwa, zamatanga ndi mitengo yotchinjiriza m'mbali kuti zisagubuduke. Mngelezi wina, Philip Beale, anaona chimodzi n'kuganiza zomanga chenicheni. Amisiri a ku Indonesia anachimanga, dzina lake Samudra Raksa, ndipo chinanyamuka ku Jakarta mu August 2003, kudzera ku Seychelles, Madagascar ndi Cape Town, n'kukafika ku Accra ku Ghana mu February 2004. Ankafuna kuonetsa kuti anthu a kuzilumba zimenezo akanatha kufika ku Africa kalekale. Umboni wina ulipo kale: chilankhulo cha ku Madagascar, kutsidya kwa Mozambique, ndi chapachibale ndi zilankhulo za ku Borneo. Chombocho anachibweza ndipo chili m'nyumba yosungira zakale m'bwalo lomwelo la Borobudur. Mukandijambulire chimenecho, a Mkulu sangakane chithunzi cha bwato.

Mkulu wa Mpingo
Bwato jambulani.

Nachisale wa ku Leeds
Ndipo m'malo mwa chiboliboli mukagule batik. Zitenje zathu za Java zija gwero lake ndi komweko, Adatchi anaonera luso la ku Java lojambula nsalu ndi phula n'kuyamba kupanga pa makina, msika n'kuupeza ku Africa. Ine mundigulire ya buluu ndi khofi, ndalama nditumiza kwa achemwali anga ku Area 25.

Mphwanu wa ku Jogja
Batik musagule pa kachisi, mitengo yake ndi ya alendo. Ndikakutengani ku msika wa Beringharjo pa msewu wa Malioboro. Yojambula pamanja amati batik tulis, ndi yodula, mumaizindikira poti mizere yake siyofanana ndendende ndipo utoto umaoneka mbali zonse ziwiri. Yodinda ndi chidindo amati batik cap, ndiyo yotsikirapo. Kunenerera ndi kololedwa, siyirani ine.

Wa ku Joni
Inenso shati imodzi mayi, saizi ya bwana.

Amake Tadala
Imani kaye abale, makilogalamu a ndege ndi owerengeka ndipo theka ndi ufa wa mwana wa ku Jogjayu. Wofuna nsalu andipeze kumbali pasanafike Lachisanu, ndalama patsogolo. A ku Joni, inu yanu ikhala ya ngongole yakale ija.